Momwe kampani ingatsimikizire kuti mapepala ake sakuwononga nkhalango

Kampani yogula mapepala ambiri iyambe ndi kufunsa wogulitsa dzina la fakitale yomwe inagaya mitengo komanso malo enieni kumene mitengoyo inadulidwa, pakuti chizindikiro cha FSC (bungwe lotsimikizira kuti mitengo yachokera m'nkhalango zosamalidwa bwino) pa katoni, ngakhale n'chothandiza, sichiyankha mafunso onse. Malowo akadziwika, iwafufuze pa zithunzi za setilaiti za Global Forest Watch (tsamba la pa intaneti lolondoloza nkhalango) kuti ione ngati nkhalango yachilengedwe inagwetsedwa n'kudzalamo mitengo ya acacia. Ku Sumatra, m'dziko la Indonesia, iyang'anitsitse madambo a peat (dothi la zomera zowola), amene akaumitsidwa ndi ngalande amayaka moto wovuta kuzimitsa.

Kampani yopanga mapepala ya ku Indonesia ya Asia Pulp & Paper inalonjeza mu 2013 kusiya kudula nkhalango zachilengedwe, koma lonjezo lotere nalonso lifunika kulitsatira chaka ndi chaka, ndipo mgwirizano wogulira unene poyera kuti wophwanya lonjezo adzasiyidwa.