Makina atsopano a pa eyapoti asakupusitseni

Abale a kuno ku UK amene mukukonzekera ulendo wakumudzi, ndimvereni musanamange zikwama. Za pasipoti ndi tikiti mukuzidziwa kale. Power bank ikhale m'chikwama cha m'manja, osati chachikulu. Ine nkhani yanga ndi ya mabotolo.

Lamulo la 100ml, loletsa botolo la zamadzimadzi loposa 100ml m'chikwama cha m'manja, linabwera mu 2006, apolisi a ku Britain atagwira anthu amene ankafuna kuphulitsa ndege ndi mabomba obisa m'mabotolo a zakumwa. Pano akuika makina a CT, onga a kuchipatala aja, oona m'kati mwa chikwama mbali zonse, moti laputopu simutulutsanso. Koma lamulo silinakhazikike. Eyapoti ya London City inalichotsa mu 2023, boma n'kulibwezeretsa mu June 2024. Mayiko a EU nawonso analibwezeretsa pa 1 September chaka chomwecho. Mu July 2025 ma eyapoti a Birmingham ndi Edinburgh anayamba kulola mpaka malita 2.

Apa m'pamene ndinagwera m'mbuna. Ejenti amene anandigulitsa tikiti anandilembera pa WhatsApp kuti, “Achimwene, za 100ml zija zinatha, nyamulani mmene mungathere.” Chikwama chachikulu chinali chitakwana kale makilo ake, ndiye ndinalonga m'cha m'manja mabotolo anayi a mafuta odzola a amayi ndi pefyumu wa apongozi. Ndalama zake ndinazipeza pogwira ntchito mausiku awiri kunyumba yosamalirako okalamba. Ku Birmingham ndinadutsa bwinobwino.

Komwe tinkasinthira ndege anatisechanso, ndi makina akale. Bambo wa pa lamba anatulutsa mabotolo aja limodzilimodzi, osandiyang'ana n'komwe. Ndinamuonetsa lisiti, ndinamuchonderera kuti ndiwatumize m'katundu wamkulu, iye anangoloza bini. Mpaka lero ndimamvabe phokoso la botolo la amayi likugwera mmenemo. Nditamuimbira ejenti uja anati, “Ine ndimanena za ku UK.” Kenaka anasiya kuyankha mafoni anga.

Ndiye tamverani. Ifetu sitiuluka molunjika ku Lilongwe kapena ku Blantyre, timadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo kulikonse kuli malamulo akeake. Chilichonse choposa 100ml chilowe m'chikwama chachikulu, basi. Musamvere ejenti, musamvere za pa gulupu. Pobwerera n'chimodzimodzi: Nali, uchi ndi chiponde amaziwerengera ngati zamadzimadzi. Fulasiki yachitsulo ikhale yopanda kanthu, ngakhale pa makina atsopanowo.

Pa makina oimikira munthu aja, khuthulani m'matumba monse, ngakhale katishu kamodzi kachititsa kuti akupapaseni. Azichemwali, akafuna kuona duku kapena wigi, pemphani kuti akusecheni mzimayi mnzanu, kuchipinda chapadera. Ndipo chonde, mukakwiya musatchule mawu oti bomba, ngakhale m'Chichewa. Nthabwala imeneyo yokha ikhoza kukutsitsani ndege.