Musasunge mafayilo anu pamalo amodzi: malangizo a kasungidwe ka backup (makope apadera a mafayilo anu)

Malangizo awa ndikulembera inu amene ntchito yanu yonse ili mu kompyuta imodzi: mlembi wa pasukulu amene amasunga mayina ndi magiredi a ana, msungichuma wa SACCO kapena wa mpingo, mwini shopu amene ngongole za makasitomala ake zili mu Excel, wojambula zithunzi za maukwati, wophunzira wa ku Mzuni kapena ku LUANAR amene watha miyezi akulemba kafukufuku wake. Laputopu imeneyo itabedwa usiku uno, kapena itangokana kuyaka mawa m'mawa, mafayilo anu mukawatenga kuti? Ngati alibe kwina kokhala kupatula momwemo, ntchito yanu yoyamba sabata ino ikhale imeneyi, zina zidikire.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti chipangizo chilichonse chosungira mafayilo chidzafa tsiku lina. Hard disk ya mtundu wakale ili ndi timbale tozungulira ka 5400 kapena 7200 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pafupi zedi ndi timbaleto. Laputopu ikagwa pansi ili yoyaka, kamutu kaja kamakanda mbale, ndipo zolembedwa pamenepo zimapita. SSD, disk ya mtundu watsopano, ilibe chozungulira, choncho siopa kugwedezeka, koma ikamafa nthawi zambiri sichenjeza: dzulo inali bwino, lero kompyuta siyikuyiona. Kuno kwathu onjezanipo kutentha kwa mu Okutobala, fumbi, mphezi za m'dzinja, ndi magetsi amene amathima kenako n'kubwera mwamphamvu. Koma pa zonsezi, chimene chimataya mafayilo ambiri m'maofesi mwathu ndi dzanja la munthu. Wina wafufuta foda poganiza kuti ndi yakale. Wina wasunga fayilo yopanda kanthu pamwamba pa fayilo yeniyeni. Wina wapereka laputopu kwa mmisiri kuti aikonze Windows, mmisiriyo n'kuifomata osafunsa. Musamapereke kompyuta kwa wokonza aliyense musanakopere mafayilo anu kwina, ngakhale atalonjeza kuti sakhudza kanthu.

Lamulo limene akatswiri amagwiritsa ntchito padziko lonse amalitchula 3-2-1, ndipo amene analifalitsa kwambiri ndi wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh. Likuti fayilo iliyonse yofunika ikhale ndi makope atatu, makopewo akhale pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi enawo. Mlimi wodziwa ntchito yake sathira mbewu yonse ya chaka chamawa m'nkhokwe imodzi ndi chimanga chodya. Ina amapachika kukhitchini, ina amakasungitsa kwa mbale wake. Ndi nzeru yomweyo. Kwa ofesi yaing'ono, kope loyamba ndi limene mukugwirira ntchito mu kompyuta, lachiwiri likhale pa external hard disk (disk yapadera yolumikiza ku kompyuta ndi chingwe), lachitatu pa intaneti kapena pa disk ina imene imagona kunyumba kwa munthu wodalirika.

Ambiri amalakwitsa pa kope lachitatuli. Amagula external yabwino, amakoperamo zonse mokhulupirika, kenako n'kuiika m'chikwama chomwecho cha laputopu. Wakuba wa pa depoti kapena mu minibasi satenga laputopu n'kukusiyirani external; amanyamula chikwama chonse. Ena amaiika mu drowa ya tebulo lomwe pali kompyuta. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, n'kusefukiritsa mitsinje ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, chilichonse chimene chinali m'nyumba imodzi chinapita limodzi. Moto nawonso susankha chipinda. Ngakhale makampani akuluakulu anagwapo m'mbuna imeneyi. Pa 10 Marichi 2021 moto unabuka pamalo osungira ma server (makompyuta akuluakulu osunga mafayilo a makasitomala) a kampani ya OVHcloud mumzinda wa Strasbourg ku France, nyumba imodzi n'kupseratu. Makasitomala ena ankadziona otetezeka chifukwa ankalipira backup, koma backup yawoyo inali pamalo omwewo, ndipo inapsa pamodzi ndi mafayilo enieni. Kutali kumene tikunena ndi nyumba ina, ndipo ngati muli kudera kosefukira madzi, ikhale nyumba ya kumtunda kapena boma lina.

Chachiwiri chimene ndikufuna muchigwire bwino ndi ichi: external ya backup isamagone yolumikizidwa ku kompyuta. Mukamaliza kukopera, ichotseni bwinobwino podina Eject, muzule chingwe. Chifukwa chake ndi ransomware, vayirasi imene imatseka mafayilo onse ndi kiyi yachinsinsi kenako eni ake n'kumafuna ndalama kuti akutsegulireni. Imatseka chilichonse chimene kompyuta ikuchiona panthawiyo, kuphatikizapo external yolumikizidwa ndi mafoda ogawana pa netiweki ya ofesi. Mu Meyi 2017 ransomware yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'mayiko oposa 150, ndipo zipatala za boma za NHS ku Britain zinachita kubweza odwala. Tisaganize kuti izi ndi za kunja kokha. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo ankafuna dipo, ndipo tonse tikukumbukira masabata amene anthu anakhala osalandira mapasipoti. Disk yozulidwa, yokhala mu kabati, palibe wa pa intaneti angaifikire. Mphezi ikalowa kudzera mu waya wa magetsi, siyikhudzanso.

Za flash ndinenepo mosabisa, chifukwa ndi imene ambiri amaidalira. Flash ndi yonyamulira mafayilo kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, si yosungiramo ntchito ya zaka. Imasowa mosavuta, imachapidwa m'thumba la buluku, imathyoka pakamwa. Komanso imayenda m'makompyuta ambiri. Mukapita nayo kosindikizitsa mapepala, imabwera ndi vayirasi ija yosandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut, tizizindikiro tongoloza kumene fayilo ili. Zikatero musathamangire kuifomata: kawirikawiri mafayilo amakhala alimo ndithu, angobisidwa, ndipo wodziwa akhoza kuwaonetsanso atachotsa vayirasiyo. Palinso ma flash ndi mamemore khadi achinyengo amene amagulitsidwa motchipa m'misika. Palembedwa 128 GB kapena kuposa, kompyuta nayo imaonetsa chimodzimodzi, koma malo enieni ndi ochepa kwambiri. Mukadutsa malo enieniwo, mafayilo amaoneka ngati alowa, mayina ake alipo, koma mukawatsegula ndi owonongeka. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza flash yonse n'kuwerenganso, ndipo imakuuzani kukula kwake kwenikweni. Flash yatsopano iyeseni musanaikemo chilichonse cha mtengo. Ngati ndalama ya external sinakwane, ma flash awiri enieni osungidwa m'malo osiyana aposa kukhala opanda kanthu, bola flash ya backup isapite konse kosindikizitsa.

Kusunga pa intaneti kumathetsa nkhani ya kope lakutali popanda kukwera minibasi. Akaunti ya Google imapereka 15 GB zaulere, zogawana pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos. OneDrive ya Microsoft imapereka 5 GB, iCloud ya Apple nayonso 5 GB. Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, ndipo n'chifukwa chake ndikulangiza kusankha. Mafayilo a Word, Excel ndi PDF ndi aang'ono; zolemba za sukulu yonse kapena mabuku a ndalama a zaka zingapo akhoza kukwera ndi bandulo yochepa. Zodya data ndi mavidiyo ndi zithunzi. Nyimbo ndi mafilimu zimene mungazipezenso kwina musazikweze. Kwezani zimene palibe wina padziko ali nazo: maakaunti, makalata a malo, masatifiketi ojambulidwa, kafukufuku, zithunzi za makolo amene anatisiya.

Pali msampha umodzi pamenepa umene anthu ophunzira omwe amakodwamo. Mukaika pulogalamu ya Google Drive kapena OneDrive pa kompyuta kuti izifananitsa mafoda yokha, imatsatira chilichonse chimene mwachita. Mukafufuta fayilo pa kompyuta, imafufutanso pa intaneti. Fayilo ikawonongeka, yowonongekayo ndi imene imakwera. Zofufutidwa zimakhala mu bini ya Google Drive masiku 30, kenako zimapitiratu. Mukazindikira patatha miyezi iwiri kuti foda ya chaka chatha kulibe, mwachedwa. Choncho kope la pa intaneti lisalowe m'malo mwa external yozulidwa ija, ziwirizi zimatetezana.

Akaunti nayo ndi yofunika kuisamala ngati kiyi ya ofesi. Ambiri anatsegulitsa Gmail kwa wogulitsa foni, pasiwedi sakuidziwa, ndipo nambala imene inalembetsedwa anasiya kalekale kuigwiritsa ntchito. Foni ikabedwa, zithunzi zili pa Google zilipo koma mwini wake sangazifikire. Lowani mu akaunti yanu lero, sinthani pasiwedi, onetsetsani kuti nambala ya Airtel kapena TNM imene ilipo ndi yanu yogwira ntchito. Google imaperekanso manambala khumi apadera olowera pamene foni yasowa. Alembeni papepala, musunge pamodzi ndi zikalata zanu. Dziwaninso kuti kuyambira Disembala 2023 Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa, choncho akaunti yosungirako backup muziilowa nthawi ndi nthawi. Amene bizinesi yanu imayendera pa WhatsApp, pitani ku Settings, Chats, Chat backup, muone tsiku limene backup yomaliza inachitika. Ambiri amadabwa kupeza kuti ndi chaka chatha, kapena sinachitikepo. Pa mafoni a Android backup imeneyi tsopano imadya nawo pa 15 GB zija, ndiye mavidiyo a m'magulu musawaphatikizemo.

Tsopano nkhani imene ndimaikakamira kwambiri ndikamayendera maofesi: backup imene simunaitsegulepo musaikhulupirire. Mu 1998 ku kampani yopanga mafilimu ya Pixar ku America, wina analemba lamulo lolakwika pa kompyuta ndipo mbali yaikulu ya filimu imene ankapanga inafufutika. Anali ndi backup, koma atapita kukaitenga anapeza kuti inali isakuyenda bwino kwa nthawi ndithu popanda wozindikira. Chinawapulumutsa ndi kope limene linali pa kompyuta ya kunyumba kwa mayi wina wogwira ntchito pomwepo, amene ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi khanda. Ngati zinachitikira akatswiri otere, ife sitingadalire kungoona kuti kabokosi kokopera kafika kumapeto. Kamodzi pamwezi tengani external ija, muilumikize pa kompyuta ina ngati ilipo, mutsegule mafayilo angapo ochokera m'mafoda osiyana. Onani ngati fayilo ya Excel ili ndi manambala a sabata yatha. Onaninso kuti zimene munakopera ndi mafoda enieni, osati ma shortcut a pa desktop, chifukwa cholakwika chimenechi ndi chofala: shortcut imangoloza kumene fayilo ili, ndipo kompyuta ikafa imaloza pachabe.

Muzikopera kangati? Dzifunseni kuti mungapirire kulembanso ntchito ya masiku angati. Msungichuma amene amalowetsa ndalama tsiku ndi tsiku azikopera madzulo alionse asanatseke ofesi. Kwa ambiri, Lachisanu lililonse likwanira. Wophunzira wolemba kafukufuku azidzitumizira fayiloyo pa imelo akamaliza kulemba tsiku limenelo. Pokopera musamangothira zatsopano pamwamba pa zakale. Pangani foda yokhala ndi deti, monga 2025-03-14, ndipo musunge angapo a m'mbuyo, kuti fayilo ikapezeka yowonongeka mubwerere ku ya sabata inayo. Windows ili ndi File History, ndipo makompyuta a Apple ali ndi Time Machine. Zonsezi zimasunga zokha mafayilo a masiku osiyanasiyana mukangolumikiza disk. Ofesi imene ingakwanitse igule ma external awiri ndi kumawasinthanitsa: ina ili ku ofesi, ina ili kunyumba kwa mkulu wa ofesi, Lachisanu n'kusinthana. Ndipo ntchitoyi ipatsidwe kwa munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, azisayina m'kabuku akamaliza, wina wachiwiri azidziwa pasiwedi ndi pamene disk imakhala. Ntchito yongoti "tonse tizichita" sichitika.

Disk yotuluka mu ofesi imanyamula zinsinsi za anthu: mayina a odwala, malipiro a antchito, manambala a zitupa za mamembala. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza data la 2024, limene MACRA ikuliyang'anira, ndipo wosunga zinthu za anthu ena ali ndi udindo wozitchinjiriza. Tsekani disk yoteroyo ndi pasiwedi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya BitLocker ngati Windows yanu ili nayo, kapena VeraCrypt imene ndi yaulere, kapenanso mangani mafayilo ndi 7-Zip n'kuikapo pasiwedi. Pasiwediyo ilembedwe ndi kusungidwa pabwino, chifukwa ikaiwalika palibe mmisiri angatsegule.

Ngati mukuwerenga izi mafayilo atatayika kale, lekani kugwiritsa ntchito disk kapena flash imeneyo pompano. Fayilo yofufutidwa imakhala ikadalipo mpaka china chitalembedwa pamalo pake, ndiye chilichonse chimene mungasungepo kapena kuikapo chikhoza kuikwirira. Mapulogalamu ngati Recuva ndi PhotoRec amatha kubweza zina, makamaka pa hard disk, flash ndi memore khadi, koma muwaike pa kompyuta ina ndipo zobwezedwazo muzisungire pa disk inanso. Hard disk ikayamba kulira kuti tiki tiki, izimitseni, musaiyatse mobwerezabwereza poyesa mwayi, ndipo musalole aliyense kuitsegula ndi sikuludiraiva pa tebulo la pamsika, chifukwa fumbi likangolowa pa timbale tija ngakhale akatswiri enieni zimawavuta kupulumutsapo kanthu.