Musanagule sewero latsopano, fufuzani kumene linayesedwa

Inu amene mumagula masewero a pa kompyuta kapena pa PlayStation, musamathamangire kulipira sewero lisanatuluke chifukwa chongoona kuti lapatsidwa malikisi okwera pa Metacritic, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa ndemanga ndi malikisi a masewero. Yambani mwafufuza kuti olemba ndemangazo analiyesera pa makina ati.

Kampani ya ku Poland ya CD Projekt Red inatulutsa sewero la Cyberpunk 2077 pa 10 December 2020, koma atolankhani amene analemba ndemanga zoyambirira anangopatsidwa sewero la pa kompyuta, ndipo ambiri analiyamikira. Amene analigula pa PlayStation 4 ndi Xbox One anaona zina: zithunzi zinkadukizadukiza, anthu a m'misewu ya Night City, mzinda wa m'seweroli, ankaima chilili manja atatambasula, ndipo sewerolo linkazima lokha munthu ali pakati posewera. Patangotha sabata imodzi, Sony, kampani yopanga PlayStation, inalichotsa mu sitolo yake ya pa intaneti ya PlayStation Store n'kulonjeza kubweza ndalama, ndipo linabwereramo mu June 2021.

Choncho dikirani masiku angapo, kenako onerani pa YouTube munthu akusewera pa makina ofanana ndi anu, osati kanema wotsatsa malonda. Malikisi a osewera nawonso musawakhulupirire msanga, popeza ena amapereka ziro chifukwa cha mkwiyo chabe. Ine ndimawerenga ndemanga za amene apereka 5 kapena 6 pa 10, chifukwa ndiwo amatchula bwino chimene chawakhumudwitsa. Ngati mwagula pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya masewero a pa kompyuta, ndipo sewerolo lakukhumudwitsani, pemphani ndalama zanu masiku 14 asanathe, musanasewere maola opitirira awiri.