Zomwe madzi a m'chigayo amachita pa miyala ya sulufule

Anzanga ogaya miyala ya m'migodi, ambiri mumayesa kuti madzi othira m'chigayo ntchito yake n'kuletsa fumbi ndi kuyendetsa phala basi. Ayi ndithu. Pa miyala ya sulufule, monga chalcopyrite wa kopa, galena wa mtovu, sphalerite wa zinki ndi pyrite wa chitsulo (amene nthawi zambiri safunika), madziwo amasintha khungu la kanjere kalikonse. Phala likafika m'matanki a thovu, momwe timalekanitsira njere zofunika ndi zotaya, khungulo ndilo limachititsa kuti kanjereko kakwere ndi thovu kapena kamire n'kupita kudzala.

Mpira wachitsulo wogayira miyala m'chigayo ukakhudzana ndi kanjere ka sulufule m'madzi, ziwirizi zimasanduka ngati batire, ndipo chodyeka ndi chitsulocho. Podyekapo chimamaliza okosijeni wa m'phala, dzimbiri lake n'kukamatirira panjere. Dzimbiri limakonda madzi. Mankhwala a xanthate, omwe ntchito yawo n'kupangitsa njere kukana madzi, amapeza malo atatsekeka kale, komanso okosijeni amene amawathandiza kugwira atachepa. Mukaona thovu la kopa lazilala, lasiya kunyezimira ngati golide, musathamangire kuwonjezera mankhwala. Yambani mwayang'ana m'chigayo.

Ine ndimalimbikitsa kuyesa mipira ya chrome wambiri (chrome ndi mtundu wa chitsulo chosachita dzimbiri), chifukwa sichita dzimbiri msanga. Koma yesani kaye pamwala wanuwo, poti ikachepetsa dzimbiri, pyrite nayenso amatha kuyamba kuyandama. Laimu wothira m'chigayo momwemo, wokweza pH (muyeso wa asidi, womwe umakwera asidi akamachepa) kufika pa 10 kapena 11, amachepetsa kudyeka kwa chitsulo komanso amagoneka pyrite pansi. Pimani pH ndi Eh (muyeso wosonyeza mphamvu ya phala yochititsa dzimbiri) pamene phala likutulukira, tsiku ndi tsiku, n'kulemba m'buku.

Madzi amanyamulanso kopa wosungunuka kuchokera pa njere ina kupita pa ina. Kopayu akatera pa sphalerite, zinki amayandama nthawi yake isanakwane n'kudetsa kopa wanu. Madzi obwezeretsa kuchokera kudamu la zotsalira ndiwo amakonda kubwera ndi zoterezi.

Samalaninso ndi kugaya kopyola muyeso. Galena ndi wofewa, 2.5 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, pomwe pyrite amafika 6 ndi kupitirira. Mukamadikira kuti wolimbayo asalale, galena amakhala atasanduka matope osalala kwambiri, ndipo njere zochepera ma micron 10 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi) zimavuta kugwidwa ndi thovu. Phala likatuluka lisagone; njere zikakhalitsa m'madzi ndi mpweya, khungu lake limawonongeka.