Kwa atsikana omaliza uinjiniya: kapezedwe ka intenishipu ya sola ndi zochita mukailowa

Nditamaliza digiri ya uinjiniya wa zamagetsi ku Poly, yomwe lero ikutchedwa MUBAS, ndinabwerera kwa makolo ku Chinamwali, pepala langa lili mu envulopu, ndipo ndinatha chaka chathunthu ndi miyezi iwiri ndikuthandiza amayi kugulitsa pa okala. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba osawerengeka. Kulikonse ankafuna munthu woti wagwirapo kale zaka ziwiri kapena zitatu, pamene ine ndinali ndisanamangepo ndi waya umodzi womwe padenga la munthu. Chimene chinandichotsa pa okala paja ndi intenishipu ya miyezi 6 pa kakampani kena koika sola muno mu Zomba. Lero ndine amene ndimalandira atsikana obwera kudzaphunzira ntchito, ndipo zimene ndalemba apa ndi zomwe ndimawauza m'mawa wa tsiku loyamba, tisanakweze mapanelo m'galimoto.

Ntchito ya magetsi osadalira mafuta ilipo, achemwali, ndipo sikutha lero. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankaunikira magetsi. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira zomwe zinachitika mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira: mamegawati pafupifupi 130 anazima nthawi imodzi, dziko n'kukhala mumdima miyezi yambirimbiri. Nthawi imeneyo ine ndinali pa intenishipu, ndipo foni ya kuofesi sinkapuma. Azigayo, osoka zovala mumsika wa Zomba, eni maresitihausi, onse ankafuna sola sabata yomweyo.

Ambiri mukamva za sola maganizo amathamangira ku mayina akuluakulu. EGENCO, yomwe inapatuka ku ESCOM mu 2017 kuti izipanga magetsi, ESCOM n'kutsala ndi ntchito yowanyamula ndi kuwagulitsa. Malo a sola a mamegawati 60 ku Salima omwe anatsegulidwa mu 2021, kapena a mamegawati 20 ku Golomoti omwe ali ndi mabatire osungira mphamvu. Lembani makalata kumeneko, musaope, ndipo muzitsatira zolengeza mu The Nation ndi The Daily Times. Boma nalonso lili ndi ndondomeko ya intenishipu ya omaliza maphunziro a ukachenjede kudzera ku unduna wa zantchito, yomwe inayamba mu 2018. Koma maganizo anga ndi akuti musakhale pakhomo kudikira mayankho a akuluakuluwo. Pakampani yaing'ono, ya anthu 8 kapena 10, mudzagwira chilichonse: kuyeza denga, kuwerengera mabatire, kukoka mawaya, kulemba mtengo, kukumana ndi kasitomala wokwiya. Zimene mnzanu wa pakampani yaikulu adzaziona m'chaka, inu mudzazigwira ndi manja m'miyezi itatu. Muonenso mabungwe oyendetsa timagetsi ta m'midzi, monga MEGA ku Mulanje, yomwe imapukusa magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya kwa Bondo, kapena Community Energy Malawi yomwe inakhazikitsa magetsi a dzuwa kwa Sitolo ku Mchinji. Makampani ambiri oona amapezeka m'bungwe lawo la REIAMA, ndipo musanavomere kulowa pamalo, funsani ngati ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Wopanda chiphaso adzakuphunzitsani ntchito ya chinyengo.

Kalata ya pa imelo yokha kawirikawiri siyankhidwa. Pitani nokha, m'mawa cha m'ma 7 koloko amisiri asananyamuke, ndipo mupemphe kuonana ndi amene amayang'anira ntchito za kunja osati wa pakauntala yekha. CV ikhale ya tsamba limodzi. Koma chinthu chimene chinanditsegulira ine chitseko si CV. Ndinatenga pepala lomwe ndinawerengerapo magetsi a nyumba ya makolo anga, ndipo ndikukulangizani kuti nanunso muchite chimodzimodzi usiku uno.

Kachitidwe kake ndi aka. Yendani m'nyumba, lembani chilichonse chodya magetsi ndi maola amene chimayaka. Tinene mababu 6 a mawati 10, kuyaka maola 5, ndiye 300 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola). TV ya mawati 60 kwa maola 4, ndiye 240. Kutchaja mafoni a pabanja, ikani 60. Zonse pamodzi 600 Wh patsiku. Onjezerani 30 pa 100 chifukwa mphamvu ina imatayika m'mawaya, mu inveta (chosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba) ndi potchaja batire, mufika pa 780. Gawani ndi maola 5 a dzuwa lamphamvu, mupeza 156, kutanthauza kuti panelo ya mawati 200 ikukwanira. Ku batire, 600 Wh pa mavoti 12 ndi 50 Ah (muyezo wa magetsi omwe batire imasunga), koma batire ya asidi siyenera kutsika kupitirira theka, ndiye mukufuna ya 100 Ah. Apa ndi pamene muyenera kuonetsa kuti ndinu mwana wa kuno. Lembani pansi pake kuti mu Juni ndi Julaye chiperoni chimaphimba phiri la Zomba masiku awiri kapena atatu dzuwa osaoneka bwino, choncho mukadakonda 200 Ah. Abwana amene anandilandira anawerenga mzere umenewo kawiri, kenako anandifunsa ngati ndingayambe Lolemba.

Akakuvomerani, musanyamuke ndi chimwemwe chokha. Pemphani kalata yolembedwa, ngakhale ya ndime imodzi, yonena tsiku loyamba ndi lomaliza, dzina la amene azikuyang'anirani, ndalama ya thiransipoti ngati ilipo, ndi amene adzalipire kuchipatala mukavulala pantchito. Funso lofunika kuposa onse ndi ili: «Pa sabata ndizipita kunja masiku angati?» Mufunse mwaulemu koma mufunse, ndipo yankho lilembedwe.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ndi pamene atsikana ambiri timatayira miyezi yathu. Masabata anga atatu oyamba ndinawathera muofesi. Tinalowa awiri tsiku limodzi, ine ndi mnyamata wina, iye anakwera galimoto m'mawa womwewo, ine anandipatsa mafayilo a makasitomala, foni, ndi ketulo. Palibe amene ankandida. Ankaona ngati akundichitira chifundo, kuti mwana wamkazi asapse ndi malata otentha. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinkalira m'minibasi pobwerera. Sabata yachinayi ndinafika 6:30 nditavala ovololo yomwe ndinagula ndekha pakaunjika, ndinayamba kukweza mabatire m'galimoto asanandiuze, ndipo nditamaliza ndinapita kwa akapitawo n'kunena kuti, «Bambo, lero ndipita nawo, ndikakugwirireni makwerero.» Anandiyang'ana pang'ono, n'kusuntha pampando. Mafayilo musawakane, nawonso ndi ntchito, koma ngati mwezi watha musanagwire multimeter, mita yoyezera magetsi, kambiranani ndi wokuyang'anirani tsiku lomwelo, kalata ija ili m'manja.

Kunja mudzakumana ndi amisiri opanda digiri, ena ophunzira ku Nasawa Technical College, ena ophunzira ntchito pongotsatira amalume awo. Apatseni ulemu wonse. Muziwatchula kuti achimwene kapena bambo monga mwa msinkhu wawo, muziwanyamulira zida, ndipo mawu akuti «kusukulu anatiphunzitsa kuti» muwasunge kaye m'thumba. Safunsa anadya phula. Bambo akapitawo aja anandiphunzitsa zinthu zomwe ndimaziuza aliyense wobwera, ndipo ndikuzilemba apa kuti mukafike mukuzidziwa kale. Kuno kwathu panelo imayang'ana kumpoto, itapendekeka madigiri pafupifupi 15, kuti ilandire dzuwa bwino komanso mvula izitsuka fumbi. Musanaboole denga, imani pamalopo muganize kuti mthunzi wa mtengo wa mango uwo udzafika pati 3 koloko masana m'mwezi wa Juni, chifukwa mthunzi pa kachigawo kochepa umafooketsa mzere wonse wa mapanelo. Yezani mavoti a mzere uliwonse musanalumikize, ndipo mutsimikize waya wa pulasi ndi wa mainasi ndi mita, osati ndi maso. Pa charge controller, kachipangizo kowongolera kutchaja kwa batire, batire imalumikizidwa poyamba, mapanelo pambuyo. Panelo ilibe potsekera: bola pali kuwala, ikutulutsa moto. Musazule cholumikizira mawaya a mapanelo chotchedwa MC4 magetsi akuyenda, zimitsani kaye, popeza moto wa DC, wochokera ku mapanelo, ukathetheka suzima msanga ngati wa m'nyumba. Mphete, chibangili, tcheni cha m'khosi, vulani zonse musanayandikire mabatire, ndipo tsitsi kapena mesh mumange mulowetse m'chipewa.

Za zovala zodzitetezera ndinene mosabisa. Makampani ambiri amagula majombo a saizi 8 kupita m'mwamba ndi magulovesi a manja a abambo. Jombo yaikulu pamalata otsetsereka ndi ngozi, ndipo gulovesi yolendewera imakukanikitsani kugwira sikuluu. Nenani saizi yanu tsiku loyamba ndipo mukumbutse mpaka zitabwera. Lamba wodzimangira padenga mumuyese muli pansi, muone ngati akukugwirani bwino.

M'chikwama musasowe chitenje. Tikapita kumidzi ya ku Jali kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndimamanga chitenje pamwamba pa ovololo popereka moni kwa amfumu ndi amayi a pamudzi, kenako ndimachivula ndikafika pamakwerero. Sichinandichepetsepo, ndipo amayi omwewo ndi amene amandiuza zoona zake za mmene magetsi azigwirira ntchito panyumbapo, zimene abambo amaiwala kutchula, monga ayironi yomwe imabisidwa kuchipinda n'kumapha mabatire. Tenganinso madzi akumwa ndi zofunika zanu za kumwezi, chifukwa malo ena mudzapeza opanda chimbudzi chabwino. Ulendo ukakhala wogona komweko, funsani musananyamuke kuti mukagona kuti, chipinda cha nokha chokhoma chilipo kapena ayi, ndipo wina kunyumba adziwe kumene muli.

Pali nkhani ina yomwe sindingaidumphe. Mwina wina adzakuuzani kuti ntchito yokhazikika ilipo mukamumvetsetsa, kapena azidzakugwirani m'chiuno ngati akukuthandizani kukwera. Si mwambo wa pantchito umenewo, ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere pamalo a ntchito. Lembani tsiku, nthawi, malo ndi mawu amene ananena, sungani mauthenga a pafoni, uzani munthu wamkulu amene mumamudalira. Mkati mwa kampani zikakanika, ofesi ya zantchito ya boma ilipo, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo otere. Intenishipu ina mudzaipeza. Musapirire zimenezi chifukwa choopa kutaya malo.

Tsopano kabuku. Gulani kope lachikuto cholimba tsiku loyamba, ndipo madzulo alionse, ngakhale mutatopa bwanji, lembani: malo, kukula kwa sisitemu, mapanelo angati a mawati angati, inveta yanji, mavoti omwe munayeza, vuto lomwe munapeza, ndi gawo limene munagwira inuyo ndi manja anu. Osalemba kuti «tinaika sola pachipatala.» Lembani kuti «ndinalumikiza mizere iwiri ya mapanelo 4, ndinayeza mavoti, ndinapeza kuti cholumikizira chimodzi sichinapanidwe bwino, ndinachikonza.» Jambulani zithunzi ngati mwini malo walola. Lachisanu lililonse wokuyang'anirani asayine. Anzanu ena adzakusekani kuti mukuchita ngati mwana wa sukulu, asiyeni. Kope langa loyamba lili ndi madontho a thukuta ndi girisi, ndipo pa intaviyu ya ntchito yomwe ndikugwira pano anatha nthawi yambiri akulitembenuza kuposa kuyang'ana digiri yanga. Kope lomwelo lidzakuthandizani ku Malawi Engineering Institution, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuti lizilembetsa mainjiniya. Kalembetseni ngati injiniya wongomaliza kumene maphunziro mukadali pa intenishipu, musadikire ntchito, chifukwa kuti mudzakwere kufika pa injiniya wovomerezeka adzafuna umboni wa zimene mwagwira pansi pa munthu wodziwa.

Ndalama ya intenishipu ndi yochepa, malo ena kulibiretu. Werengerani za kabaza ndi minibasi za mwezi wonse musanavomere, ndipo ngati muli ndi achibale ku Matawale kapena ku Sadzi kufupi ndi ntchito, pemphani malo ogona. Loweruka mukhoza kutsuka mapanelo a anthu, kuona madzi a m'mabatire, kumangitsa mawaya omasuka, n'kupezako ya sopo. Koma musayambe kuika magetsi m'nyumba za anthu panokha mulibe chilolezo cha MERA.

Ukatsala mwezi umodzi kuti mumalize, pemphani kuti akupatseni ntchito imodzi yaing'ono muiyendetse nokha kuyambira pokambirana ndi kasitomala mpaka poyatsa. Yanga inali ya mayi wina wosoka zovala ku Thondwe, makina awiri ndi mababu anayi, ndipo bambo akapitawo aja anangokhala pamthunzi kundiyang'ana osanena kanthu mpaka makina analira. Nthawi yomweyo pemphaninso kalata ya umboni, musadikire tsiku lomaliza pamene aliyense ali kalikiliki, ndipo muwapatse mndandanda wa ntchito zochokera m'kope lanu kuti kalatayo itchule zinthu zenizeni. Funsani poyera ngati pali malo. Akati palibe, funsani kuti ndi kampani iti imene angakuimbireni foni, chifukwa anthu a ntchitoyi amadziwana kuyambira ku Zomba, Blantyre mpaka ku Mzuzu.

Lolemba likubwerali tikulandira mtsikana wina wochokera ku yunivesite ya MUST. Majombo ake a saizi 4 ndinakawatenga dzulo ku Limbe, ndipo dzina lake ndalilemba kale pa mndandanda wa opita ku Domasi kukaika pampu ya sola pamunda wa mthirira.