Kutenga Khanda Limene Mayi Ake Ankamwa Methadone Ali Woyembekezera

Funso ndi lakuti banja la ku America limene likufuna kulera mwalamulo khanda lomwe mayi ake ankalandira methadone kapena buprenorphine, mankhwala othandiza kusiya heroin (mankhwala osokoneza bongo), liyambire pati.

Choyamba, pemphani zolemba za kuchipatala kuti mudziwe mankhwala onse amene mayiwo ankamwa, komanso zotsatira za magazi za HIV ndi hepatitis C (matenda a chiwindi). Mayi amene anatsatira chithandizo chotere anateteza mwana wake, ndipo sayenera kunyozedwa.

Kenako, musafulumire kutuluka m'chipatala. Thupi la khanda limakhala litazolowera mankhwalawo, ndipo zizindikiro zoti likusowa mankhwalawo likabadwa monga kunjenjemera, kulira mokuwa, kuyetsemula pafupipafupi, kutsegula m'mimba ndi kulephera kuyamwa zimatha kuchedwa kuonekera, n'chifukwa chake madokotala amaliyang'anira masiku 5 mpaka 7 ngati anali methadone. Zipatala zambiri zimaona ngati mwana akudya, akugona ndiponso akutonthozeka, ndipo zikakanika amamupatsa morphine (mankhwala ochepetsa zizindikirozo) pang'ono, n'kumachepetsa mlingo tsiku ndi tsiku.

Pa masiku amenewa khalani naye pafupi. Mumuike pachifuwa panu khungu ndi khungu, mumufunditse bwino, muchepetse magetsi ndi phokoso, ndipo mumudyetse pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Pogona azigona chagada, pabedi lakelake.

Ngati mayi womubereka ali ndi hepatitis C, mwana ayezedwe ali ndi miyezi 2 mpaka 6. Pemphaninso dokotala wa ana akutumizeni ku Early Intervention, komwe amaunika kakulidwe ka ana osakwana zaka 3.