Momwe mungaikire ma resistor pa ma injector a galimoto ya turbo

Mukaika turbo pa injini ya D16 ya mu Honda Civic, ma injector ake (tizipangizo tothira petulo mu injini) a 240cc pa mphindi sakwanitsanso kuthira petulo wokwanira. Ambiri amathamangira a 450cc ochokera mu Mitsubishi Eclipse ya injini ya 4G63. Koma amenewa ali ndi ma ohm 2 kapena 3 basi, pomwe ECU (kompyuta yoyendetsa injini) ya Civic ya 1992 mpaka 1995 inapangidwira ma injector a ma ohm 12. Mukangowalumikiza osaikapo kanthu, pa mavoti 14 padutsa ma amp pafupifupi 5 mpaka 7 m'malo mwa imodzi, ndipo ma transistor a mu ECU atha kupsa. Nchifukwa chake pamafunika resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa mu waya.

1. Yambani mwayeza. Ikani multimeter (choyezera magetsi) pa ma ohm, mugunditse pa timapini tiwiri ta injector iliyonse. Mukapeza 12 mpaka 16, resistor siyikufunika. Musadalire mtundu wa pamutu pa injector kapena mawu a wogulitsa.

2. Gulani ma resistor anayi a ma ohm 10, imodzi pa injector iliyonse. Apa mpamene ambiri amapusira: amaika imodzi yokha pa waya wodyetsa onse anayi. Zikatero, ma injector awiri akatseguka nthawi imodzi amalimbirana magetsi, petulo nkuchepa pamene turbo ikukankha kwambiri, ndipo pisitoni imatha kusungunuka. Nkhani ya ma watt nayo njofunika. Ma ohm 10 kuphatikiza 2.5 a injector ndi 12.5, kutanthauza ma amp 1.1, ndipo resistor imatulutsa kutentha kwa ma watt 12 injector ikakhala chotsegukira. Za ma watt 10 zimagwira popeza injector siikhala chotsegukira nthawi zonse, koma ine ndingasankhe za 25 zokutidwa ndi aluminiyamu.

3. Chotsani waya wa negative pa batire. Pa pulagi ya injector pali mawaya awiri: wobweretsa mavoti 12, ndi wopita ku ECU. Dulani wa mavoti 12 pambuyo pa pamene wagawikira kupita ku injector iliyonse, resistor ilowe pakatipo. Ilibe kutsogolo kapena kumbuyo.

4. Lumikizani ndi solda, muveke heat shrink (kachubu ka pulasitiki kamene kamakanirira pa waya mukakatenthetsa). Kungopotokola mawaya nkumata tepi sikupirira kugwedera kwa injini.

5. Mangani ma resistor ndi mabawuti pa chitsulo, kutali ndi turbo, ekizosi ndi mapaipi a petulo. Ma resistor amatentha mpaka kusungunula pulasitiki.

6. Yezaninso injector pamodzi ndi resistor yake, mupeze 12 kapena 13.

Mukapeza resistor box (kabokosi kokhala ndi ma resistor anayi mkati) ya Honda Accord ya 1990 mpaka 1993, ntchito yachepa: waya umodzi umalandira mavoti 12, ena anayi nkupita ku ma injector.

Musanalize injini, ECU ikonzedwe ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya Hondata kapena Crome kuti idziwe kuti ma injector tsopano ndi a 450cc, apo ayi ithira petulo pafupifupi kawiri, ma spark plug anyowa. Tsegulani kiyi, pampu idzaze paipi, muone ngati petulo sakudontha pa ma O-ring (timalabala tozungulira ta pa injector).